Mafunso ndi Mayankho: Kuchoka mu labotale kukayang'anira katundu wa kampani

FUNSO

Alangizi, ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimakhala ku Blantyre. Ndili ndi digiri yachiwiri ya molecular biology, ndipo kwa zaka 7 tsopano ndakhala ndikugwira ntchito mu labotale ya kafukufuku wa zaumoyo, makamaka pa matenda a TB ndi malungo. Ntchitoyi ndimaikonda, koma malipiro athu amadalira ndalama zochokera kunja, choncho kontirakiti ikamayandikira kutha aliyense amakhala mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati chaka chamawa adzakwanitsa lendi ndi fizi ya ana. Posachedwapa ndakhala ndikuona makampani opanga zipangizo zoyezera matenda akulengeza ntchito ya product manager, ndipo mtima wanga wakopeka nayo. Anzanga ena akuti ndikufuna kutaya sayansi n'kukakhala wogulitsa malonda. Kodi ntchito imeneyi ndi yotani kwenikweni? Munthu wonga ine angayambire pati? Kodi ndiyambe ndachita kaye MBA, digiri ija ya kayendetsedwe ka bizinesi?

Wowerenga wathu, Blantyre

YANKHO

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyamba ndi mawu a anzanuwo, chifukwa ndikuona kuti ndi amene akukusowetsani tulo kuposa nkhani ya MBA. Product manager si wogulitsa malonda, ngakhale kuti tsiku ndi tsiku amakhala limodzi ndi ogulitsa. Iye ndi munthu amene kampani yamupatsa chinthu chimodzi kuti achiyang'anire moyo wake wonse, kaya ndi makina oyezera makhololo, kaya ndi kachipangizo koyezera dontho la magazi a pachala, kaya ndi mankhwala amene mumasakaniza pochita PCR, njira ija yochulukitsa DNA ya tizilombo kuti ioneke. Ndiye amene amatsogolera posankha kuti chinthucho chikhale chotani, chipangidwire yani, chigulitsidwe pa mtengo wanji, ndipo ndi liti pamene chiyenera kusinthidwa kapena kusiyidwa kumene. Asayansi a kampani amayankha funso loti kodi n'zotheka kupanga chimenechi. Iye amayankha loti kodi n'choyenera kuchipanga, ndipo tikachipanga pali amene adzachigwiritse ntchito.

Tiyeni titenge makina amene inu mumawadziwa bwino, a GeneXpert a kampani ya Cepheid. Bungwe la WHO litavomereza mu 2010 kuti TB iziyezedwa ndi katiriji ya Xpert MTB/RIF, kabokosi koikamo makhololo komwe amakalowetsa m'makinawo, yankho lomwe kale linkafuna kudikira masabata ambiri kuti tizilombo timere linayamba kutuluka pasanathe maola awiri, pamodzi ndi uthenga woti tizilomboto tikumva mankhwala a TB a rifampicin kapena ayi. Sayansi ya mkatimo ndi PCR yomweyo imene manja anu anaizolowera. Koma taonani zina zonse zozungulira makinawo. Amafuna chipinda chosatentha kupitirira madigiri 30, makatiriji ake amafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 28, ndipo magetsi sayenera kuthima ntchito ili mkati. Tsono ganizirani za chipatala cha ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, fumbi likulowa pawindo, jenereta ilibe mafuta. Ganiziraninso za mtengo: kuyambira mu 2012 mayiko osauka ankagula katiriji imodzi pa $9.98, ndipo mu 2023 mtengowo unatsitsidwa kufika pa $7.97. Kusiyana kwa madola awiri kumaoneka kochepa kwa munthu woyeza sampulo imodzi, koma kwa dziko logula makatiriji ochuluka chaka chilichonse ndiko kumanena kuti anthu angati ayezedwa ndipo angati abwezedwa kunyumba akutsokomolabe. Kutentha, fumbi, magetsi, mtengo, utali wa nthawi imene katiriji ingakhale m'nkhokwe isanaonongeke, zonsezi ndi nkhani zimene zimafika pa tebulo la product manager.

Ndikuuzeni chimene chinanditsegula maso ine ndidakali mu labotale. Tinalandira kamakina kena koyezera magazi kuti tikakayese pa chipatala china chakumudzi, ndipo pa mayeso onse amene tinakonza kanachita bwino. Zotsatira kankazisindikiza pa kapepala kopyapyala kofanana ndi lisiti ya m'sitolo, kaja kamalembeka ndi kutentha popanda inki. Namwino ankamata kapepalako m'buku la kuchipatala la wodwala, wodwalayo n'kulipinda bukulo, kuliika m'thumba la malaya kapena kulimanga pa nsonga ya chitenje, n'kuyenda nalo mtunda wautali dzuwa likuswa mtengo. Pobwera patatha miyezi itatu, kapepala kaja kanali kalipo koma manambala atafufutika, moti dokotala analibe poyerekezera zotsatira zatsopano. Ife mu lipoti lathu tinadzaza masamba ndi sensitivity ndi specificity, manambala osonyeza kulondola kwa kamakinako, ndipo nkhani ya pepalayo tinaiika mzere umodzi kumapeto ngati chinthu chopanda pake. Munthu yekhayo wa ku kampaniyo amene anaimba foni kufunsa za mzere umodzi umenewo anali product manager wawo. Anafuna kudziwa kuti bukulo limasungidwa kuti, amamata kapepalako ndani, ndipo namwino ali ndi mphindi zingati pa wodwala mmodzi ngati atati azikopera manambalawo ndi cholembera. Anandifunsa kwa ola lathunthu, ndipo sanatchulepo za kugula kapena kugulitsa.

Kunyumba kwathu konkuno kuli chitsanzo chabwino cha kaganizidwe kameneka. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, anachokera ku mgwirizano wa Rice University ya ku Houston ndi madokotala ndi anamwino a ku chipatala cha Queen Elizabeth. Njira imene makinawa amagwiritsa ntchito, yotchedwa bubble CPAP, inali yodziwika kale m'mayiko olemera, choncho panalibe sayansi yatsopano yoti aitulukire. Ntchito inali yofunsa kuti makina otere akhale otani kuti agwire m'chipinda cha ana chodzaza, momwe namwino mmodzi akuyang'anira makanda ambiri, ndalama zili zochepa, ndipo wokonza makina akakhala kutali. Anagwiritsa ntchito mapampu ang'onoang'ono onga a m'magalasi osungiramo nsomba, ndi botolo la madzi limene kuya kwake ndiko kumaika mphamvu ya mpweya. Chimodzimodzinso ndi kachipangizo kodziyezera wekha HIV ka OraQuick: pamene ntchito yogawa zipangizozi yotchedwa STAR inayamba mu 2015 ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, funso lalikulu silinali loti kodi kachipangizoko kamaona kachilombo, koma loti kodi munthu ali yekha m'nyumba mwake adzatha kutsatira zithunzi za pa pepala la malangizo, kupaka pa nkhama moyenera, kudikira mphindi 20 ndi kuwerenga mizere molondola.

Tsono kodi sayansi yanu itayika? Ayi ndithu, ndipo nayi nkhani ya malungo imene mukuidziwa. Zipangizo zambiri zoyezera malungo mwachangu zimafufuza puloteni ya HRP2 m'magazi. Kunapezeka kuti m'madera ena, monga ku Peru, Eritrea ndi Ethiopia, kuli tizilombo ta malungo tomwe tilibe jini yopanga puloteni imeneyi, moti munthu akudwala koma chipangizo chikuti alibe malungo, ndipo dziko la Eritrea linachita kusintha mtundu wa zipangizo zake. Product manager wa kampani yopanga zipangizo zoterezi ayenera kuwerenga malipoti a kafukufuku amenewa, kumvetsa kuti vutoli likufalikira motani, ndi kukauza akuluakulu ake kuti nthawi yoika ndalama pa chipangizo chofufuza puloteni ina, monga pLDH, yakwana. Munthu amene sanagwirepo pipette sangayeze kulemera kwa umboni wotere msanga monga mungachitire inu. Ichi ndi chuma chimene makampani amachifuna kwa anthu ochokera ku labotale, ndipo musachichepetse pokhala pamaso pa okufunsani ntchito.

Koma sindingakhale ndikukuchitirani chilungamo ndikapanda kukuuzani zimene mudzasiya, chifukwa zimapweteka kuposa momwe ambiri amayembekezera. Mu kafukufuku munaphunzitsidwa kuti musanene chinthu musanachibwereze katatu ndi kuona kuti control yanu, sampulo ija yotsimikizira kuti mayeso ayenda, yatuluka bwino. Ku kampani adzakufunsani Lachiwiri kuti pofika Lachisanu munene ngati mtundu watsopano wa chipangizo ukhale ndi batire kapena ayi, inu mutangocheza ndi ogwiritsa ntchito khumi okha, ndipo mudzayenera kupereka yankho n'kuimirira pa ilo. Anthu ambiri ochokera ku kafukufuku amagwa pamenepa, osati chifukwa chosadziwa zinthu, koma chifukwa mtima wawo sulola kusankha umboni usanakwane. Mudzasiyanso kugwira ntchito ndi manja anu, ndipo dzina lanu silidzaonekanso kawirikawiri pa mapepala a kafukufuku. Tsiku lanu lidzadzaza ndi misonkhano, ndipo anthu amene ntchito yanu imadalira pa iwo, mainjiniya, a zamalamulo, a kufakitale, a zamalonda, palibe ndi mmodzi yemwe amene adzakhale pansi panu. Mudzawatsogolera powamvetsera ndi kuwatsimikizira, osati powalamula. Ndipo mawu amene mudzawanena kwambiri ndi akuti ayi: ayi kwa wasayansi amene akufuna kuwonjezera chinthu chokongola koma chokweza mtengo, ayi kwa wogulitsa amene walonjeza kasitomala chinthu chomwe kulibe. Ngati mukudziwa kuti chimene chimakudzutsani m'mawa ndi kuona zotsatira zikutuluka pa makina inu nomwe mutaziika, ganizani mofatsa musanachoke.

Pali zinthu ziwiri zimene labotale sinakuphunzitseni ndipo muyenera kuyamba kuziphunzira lero. Choyamba ndi kudziwa kuti wogula ndani. Kwathu kuno amene amagwiritsa ntchito chipangizo si amene amachisankha, ndipo amene amachisankha si amene amalipira. Wogwira ntchito mu labotale ya chipatala cha boma ndiye amachitsegula m'mawa, Unduna wa Zaumoyo ndiwo umanena kuti chilowe m'ndondomeko ya dziko, ndalama za zipangizo zambiri za HIV, TB ndi malungo zimachokera ku mabungwe monga Global Fund, ndipo kusunga ndi kugawa kumadutsa ku Central Medical Stores Trust kapena njira zina zimene opereka thandizo anakonza. Aliyense mwa amenewa ali ndi nkhawa yake, ndipo chipangizo chokondweretsa mmodzi yekha sichifika patali. N'chifukwa chake mabungwe monga WHO ndi FIND, bungwe loona za zipangizo zoyezera matenda, amalemba chikalata chotchedwa target product profile, chonena kuti chipangizo chatsopano cha matenda akutiakuti chiyenera kukhala cholondola motani, chipirire kutentha kotani, chitulutse zotsatira m'nthawi yanji ndipo chisapitirire mtengo wanji. Zikalata zimenezi zili pa intaneti kwaulere. Tengani cha TB, muchiwerenge mzere ndi mzere, ndipo pa mzere uliwonse mudzifunse kuti chifukwa chiyani anaika nambala imeneyo osati ina. Sindikudziwa sukulu ina yabwino kuposa imeneyi kwa munthu woyamba.

Chachiwiri ndi malamulo. Inu mukudziwa ISO 15189 chifukwa ndi imene imayeza ubwino wa labotale za zachipatala, koma opanga zipangizo amayendera ISO 13485, imene imafuna kuti chilichonse chosankhidwa popanga chipangizo chilembedwe, chifukwa chake chidziwike, ndipo dandaulo lililonse la kasitomala lilondoledwe mpaka pomwe lathera. Muyenera kumvetsa kusiyana kwa katundu wolembedwa kuti research use only, kutanthauza wa kafukufuku basi, ndi amene analoledwa kuyezera odwala, chifukwa pakati pa ziwirizi pali zaka za ntchito ndi ndalama zambiri. Mudziwe kuti ku America chilolezo chimachokera ku FDA, ku Ulaya kuli lamulo la IVDR lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, ku South Africa kuli SAHPRA, kuno kwathu kuli bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo kuti katundu agulidwe ndi mabungwe akuluakulu opereka thandizo nthawi zambiri amayenera kudutsa mu WHO prequalification, kutanthauza kuunikidwa ndi kuvomerezedwa ndi WHO. Simukuyenera kukhala katswiri wa zonsezi, pakuti kampani ili ndi anthu ake a ntchito imeneyo, koma muyenera kudziwa kuti kusintha kamodzi kooneka kakang'ono, monga kusintha mtundu wa sampulo, kungabweze katundu yense kukayambiranso kupempha chilolezo.

Za poyambira, ndikuuzani zoona kuti mipando ya product manager muno m'Malawi ndi yochepa kwambiri, chifukwa makampani akuluakulu monga Roche, Abbott, Thermo Fisher Scientific ndi Qiagen amapangira katundu wawo kunja, ndipo dera lathu lino amaliyang'anira ali ku Johannesburg, Nairobi kapena kutali kuposa pamenepo, pomwe kuno amagwira kudzera mwa makampani oitanitsa ndi kugawa katundu. Komanso n'chapatali kuti munthu achoke pa benchi ya labotale lero, mawa akhale product manager. Khomo limene ambiri amalowera ndi ntchito ya field application specialist, munthu amene amayenda m'malabotale kukaika makina, kuphunzitsa ogwiritsa ntchito ndi kuthetsa mavuto makinawo akavuta. Ena amaiona ngati kutsika pa ulemu, koma ine ndimaiona ngati sukulu yeniyeni, chifukwa m'zaka ziwiri mudzakhala mutalowa m'malabotale ochuluka ndi kumva madandaulo a anthu osiyanasiyana, zimene product manager wokhala ku likulu amazilakalaka. Khomo lina ndi mabungwe osachita phindu amene amagwira ntchito yofikitsa zipangizo zatsopano m'mayiko onga lathu, monga FIND, PATH ndi Clinton Health Access Initiative, komwe munthu amaphunzira za mitengo, za kuwerengera kuti dziko lidzafuna katundu wochuluka bwanji, ndi za kukambirana ndi boma.

Musanafunsire kulikonse, yambani pomwe mulipo. Labotale yanu ikalandira chipangizo chatsopano choti chiyesedwe, pemphani kuti mutsogolere ntchitoyo, ndipo m'malo mongolemba manambala, khalani pambali pa amene akuchigwiritsa ntchito muone pomwe akukakamira, pomwe akubwereza, ndi zomwe akuchita mosiyana ndi pepala la malangizo. Pemphani kukhala nawo pamene akuitanitsa katundu, kuti muone mtengo weniweni wa kuyeza sampulo imodzi mukaphatikiza mtengo wonyamulira, kukonza makina ndi katundu amene amatha nthawi ali m'firiji. Woimira kampani akabwera kudzakonza makina, musamusiye ali yekha; mufunseni kuti dandaulo lanu akalitenga limapita kwa yani ndipo limayenda motani. Safunsa anadya phula, ndipo anthu amenewa ndi amene amayamba kumva kuti kwinakwake kukufunika munthu. Misonkhano ya African Society for Laboratory Medicine imasonkhanitsa makampani ndi anthu a labotale pamodzi, ndipo mukapeza mwayi wopitako musathere nthawi yonse m'zipinda zomvera zokamba, pitaninso kumene makampani ayala katundu wawo mukacheze nawo.

CV yanu iyenera kulembedwanso. Ya kafukufuku imayamba ndi mndandanda wa mapepala ofalitsidwa ndi njira zoyezera zimene mumadziwa, koma wolemba ntchito ku kampani amafuna kuona zimene munasankha ndi zotsatira zake. M'malo molemba kuti mumadziwa PCR, lembani kuti munayerekeza makiti awiri, munalangiza kuti labotale itenge iyi osati iyo, ndipo nthawi yodikira zotsatira kapena ndalama zinatsika motani, ndi manambala enieni amene mungawatsimikizire. Pa intavyu n'kutheka adzakufunsani kuti mutchule chipangizo chimene mumachigwiritsa ntchito ndi chimene mungasinthe pa icho. Musayambe ndi kusintha komweko. Yambani ndi munthu amene akuvutika, nenani kuti vuto lake ndi lotani ndipo limachitika kangati, kenaka munene chimene mungasinthe, chimene chingatayike pochita zimenezo, ndi momwe mungadziwire kuti mwakonza.

Pano ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Zotsatira za kafukufuku amene sanafalitsidwe, masampulo a odwala ndi mayina awo si zanu zoti mukaonetse pa intavyu kapena kupita nazo ku ntchito yatsopano. Anthu aja anapereka magazi ndi makhololo awo pa chilolezo chimene makomiti ovomereza kafukufuku monga COMREC kapena NHSRC anavomereza, ndipo chilolezocho chili ndi malire ake. Ngatinso mukufunsira ntchito ku kampani imene katundu wake mukumuyesa pakadali pano, auzeni akuluakulu anu msanga kuti ayike munthu wina pa ntchitoyo. Gulu la anthu a zaumoyo kuno ndi laling'ono, aliyense amadziwana ndi mnzake, ndipo amene mukuwasiya lerowo ndi omwe mudzawaimbire foni mawa kuwapempha kuti ayese katundu wanu.

Za MBA, yankho langa ndi loti musayambe nayo. Ndi yodula, ndipo kwa munthu amene sanagwirepo ntchito ku kampani imapereka mawu ambiri opanda pomwe angawakolekere. Makampani ambiri a zipangizo zoyezera amalemekeza kwambiri digiri yanu ya sayansi pamodzi ndi zaka zoyenda m'malabotale a makasitomala. Pakali pano kukwanira kuphunzira kuwerenga bajeti, kusiyanitsa mtengo wopangira ndi mtengo wogulitsira, kugwiritsa bwino ntchito Excel, ndi kuchita kakosi kakafupi ka ISO 13485 kapena ka malamulo a zipangizo za zachipatala. MBA mungadzaiganizire mutagwira zaka zingapo, pamene mudzadziwe chimene mukukafuna kumeneko, ndipo makampani ena amathandiza antchito awo kulipira maphunziro otere.

Mwatchula lendi ndi fizi, ndipo sindikufuna kudumpha pamenepo. Nthawi zambiri malipiro a ku kampani amaposa a mu kafukufuku, koma ntchito ya ku kampani nayonso imatha: katundu akasiya kugulidwa amasiyidwa, makampani amagulana, ofesi ya dera imatsekedwa. Kusiyana kwake n'koti luso limene mungapeze kumeneko limafunidwa ndi makampani ambiri ndi mabungwe ambiri, pomwe la kafukufuku wanu lamangika ku pulojekiti imodzi. Ntchito ya field application specialist imafunanso kuyenda kwambiri, nthawi zina masabata athunthu kunja kwa dziko, ndipo mwina idzafuna kuti musamukire ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Nkhani imeneyi mukhale pansi ndi a kunyumba muikambirane musanatumize kalata yoyamba, kuti mudziwe amene adzaone ana inu mukakhala paulendo. Ndipo musasiye ntchito imene muli nayo musanalandire kalata yolembedwa ya ntchito yatsopano. Miyezi yotsala pa kontirakiti yanu muigwiritse ntchito kutsogolera kuyesa chipangizo chimodzi, kuwerenga target product profile ya TB, ndi kucheza ndi anthu atatu kapena anayi amene akugwira kale ntchito zimenezi. Mukatero mudzatilemberenso kutiuza zimene anakuuzani, chifukwa pali owerenga ena m'malabotale a ku Lilongwe, Zomba ndi Karonga amene ali ndi funso lomweli.